Mbale ya Achemwali

Ndinabwera ku Mzuzu mosafuna. Boma linanditumiza kukaphunzitsa pasukulu ina ya pulayimale, ine mwana wa ku Ntcheu amene ndinali ndisanapitirireko pa Kasungu. Anthu atandiuza kuti kumpoto kumazizira ndinaseka, poti ife a ku Ntcheu chisanu timabadwa nacho. Za mvula palibe anandiuza. Kwathu mvula imagwa, imakata, anthu n'kuyanika zovala. Ya kuno imangowaza tsiku lonse ngati mlendo wosadziwa kutsazika, ndipo ku Ching'ambo, kumene ndinapeza nyumba ya lendi, madzi ake sapita kulikonse, amakhala nafe pomwepo.

Tsiku limene ndinafika, galimoto inatitimira m'matope tisanafike pakhomo, katundu tinachita kututa pamutu. Makala amene ndinabwera nawo ananyowa. Ndinakhala pa thumba la ufa ndili ndi njala ndi mkwiyo, ndikutukwana chamumtima amene anasaina kalata yondisamutsa. Kenaka ndinamva odi. Pakhomo panaima mayi wamtali, mpango wake utaphimba mutu mpaka m'mapewa, m'manja atanyamula mbale yachitsulo yoyera, ya mkombero wabuluu, yovundikira bwino.

“Ndaona kuti simunasonkhe moto,” anatero. “Ndine wa pagolosale apo, kutsidya kwa msewu. Landirani, musagone ndi njala m'dziko la eni.”

Munali mpunga ndi nyemba. Ndinadya ndi manja, choimirira, chifukwa masipuni sindinadziwe kuti ali m'katoni iti.

Mayiyo anali Msilamu wochokera ku Machinga. Amuna awo ndiwo ankapita kukaoda katundu, iwo n'kumakhala pagolosale. Anali okulirapo pang'ono kuposa ine, choncho ndinayamba kuwatcha achemwali, amuna awo alamu. Iwo ankanditcha aphunzitsi, ngakhale pondikalipira.

Mbale ija sindinaibweze yopanda kanthu. Amayi anga akanamva kuti ndachita zimenezo akanandikana kuti si ine mwana wawo. M'mawa mwake ndinakazinga mbatata ya kachewere imene ndinabwera nayo kuchokera kwathu, n'kuwoloka msewu. Achemwali asanandipatse n'komwe moni anavundukula mbaleyo, n'kugwedeza mutu.

“Eya,” anatero, “munaleredwa.”

Kuyambira pamenepo mbaleyo sinapumenso. Ikagona kwa ine lero, mawa igona kwa iwo. Munthu wachitatu analowerera yekha, osaitanidwa. Anali mayi wa ku Nkhata Bay, mlembi pa ofesi ina m'tauni, amene ankakhala nyumba yoyandikana ndi yanga. Munthu ameneyu ngakhale potaya zinyalala ankavala ngati akupita ku ukwati. Tsiku lina ananditchingira njira, mbale ili m'manja mwanga.

“Monire aphunzitsi. Kasi mbale iyi ikudumpha nyumba yanga chifukwa chiyani? Ine ndilibe moto?”

Tinkamutcha amama, chifukwa iye aliyense ankamutcha choncho. Ndiye anatiphunzitsa kondowole, nsima ya ufa wa chinangwa. Ine fungo lake linanditengera nthawi kuti ndilizolowere, ndipo ndinkamuuza poyera kuti chakudya chofuna kumeza osatafuna ndi chilango. Iye ankati a ku Ntcheu tilibe pakamwa ponyozera chakudya cha munthu, anthu odya mbewa ndi ubweya womwe. Koma chigwada chake chotendera sindinachipezepo chilema, ndipo nsomba zikabwera kuchokera kwawo mbale inkalemera.

Za mbewazo ankanena zoona. Ndimadya, ndipo nkhumba ndimadyanso, sindibisa. Chifukwa cha chimenecho ndinagula poto watsopano, chipande chatsopano ndi mthiko wake, n'kumangirira kaulusi kofiira pa chogwirira cha potoyo kuti ndisadzasokoneze. Mmenemo ndimo ndinkaphikira chilichonse chowoloka msewu. Achemwali sanandifunsepo za ziwiya zanga ndi tsiku limodzi lomwe. Koma tsiku lina atalowa kukhitchini kwanga anamuona potoyo ali payekha pa msomali, anayang'ana kaulusi kaja. M'mawa mwake mbale inabwera ndi mandazi odzaza mpaka chivundikiro chosatseka. Nkhuku ya Khirisimasi ndinkapita nayo kwa alamu kuti akaizinge, kuti tonse tidye. M'mwezi wa Ramadani mbale inkadikira kulowa kwa dzuwa, ndipo ine ndi amama tinaphunzira kuteleka futali pa nthawi yoti apse pamene kumzikiti akuitana.

Achemwali ankadziwa kuphika. Mpunga wawo wa nyama unkanunkhira mpaka okwera njinga zonyamula anthu, zimene kuno amati sakaramento, ankacheuka podutsa. Koma ukawafunsa chimene mtima wawo umafuna, ankati therere lobala, basi. Ndipo nthawi iliyonse akalidya ankadandaula.

“Soda ameneyu amapha therere. Amayi anga ankawotcha mitengo ya nandolo, phulusa lake n'kuthira madzi, chidulo n'kumadontha. Therere la chidulo cha nandolo, aphunzitsi, simunadyepo inu.”

“Achemwali,” ndinkayankha, “golosale yodzaza soda muli nayo inu, mukulira phulusa? Fodya wako ndi amene ali pamphuno.”

Tinkaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Zaka zinapita motero. Amama anasamukira ku Katoto amuna ake atapatsidwa nyumba ya kuntchito, koma Loweruka lililonse ankabwera, nsapato zazitali zili m'manja podutsa matope athu.

Matenda anayamba mwakachetechete. Ndinaona kuti achemwali akusiya chakudya m'mbale, kenaka ndinaona kuti chitenje chikuwazungulira mopitirira kale. Ankati ndi zilonda za m'mimba. Atapita kuchipatala chachikulu anabwerako ndi dzina lina, khansa. Adokotala anawauza kuti mankhwala ake ndi aukali, sangawayambe pa thupi lofooka chotero, adye kaye kuti apezeko mphamvu. Mlongo wawo wamkulu wa ku Machinga anaimba foni n'kunena kuti mwezi ukatha asanayambe kudya, abwera kudzawatenga. Ine ndinachita mantha, chifukwa ndinkadziwa chimene aliyense amadziwa: wodwala akamutengera kumudzi sapita kukachira. Ndinatsimikiza mumtima kuti achemwali adya, afune asafune, ndipo galimoto ya mlongo wawoyo ibwerera yokha.

Poto wa kaulusi kofiira sanazizirenso. Ndinaphika phala la mpunga, msuzi wa nkhuku, nthochi zophika ndi mkaka. Amama anabwera ndi nsomba zofewa, anabweranso ndi chambiko. Achemwali ankalawa ndi nsonga ya sipuni, n'kuthokoza, n'kutembenukira kukhoma. Zotsalazo ankadya alamu, mwamanyazi. Mbale inkabwererabe, koma popeza mwini wake sankathanso kuima pamoto, inkabwera ndi zinthu za m'golosale: lero machesi, mawa kapaketi ka tiyi. Tsiku limene inabwera ndi sopo ndinapsa mtima. Ndinawoloka msewu osavala ngakhale juzi.

“Achemwali, ine sindikugulitsani chakudya ayi. Sopo ndili naye. Chimene ndikufuna n'choti mudye.”

Anali atagona pa matiresi m'chipinda cha kuseri kwa golosale. Anandiyang'ana ndi maso amene anali atakula pa nkhope yowonda ija.

“Nanga mbale ibwere yopanda kanthu? Mukufuna anthu anene kuti matenda andichotsa ndi mwambo womwe?” Anapuma pang'ono. “Chilichonse chikundinunkhira chipatala, aphunzitsi. Mwina therere. Koma la chidulo.”

Ndinatuluka ndili ndi chimwemwe, poganiza kuti apempha chinthu chapafupi. Phulusa, m'tauni ya anthu ophikira mbaula. Madzulo omwewo ndinatapa phulusa la makala, ndinaboola kachitini ndi msomali, ndinathira madzi. Therere linatuluka lakuda, lowawa, lonunkha mbaula. Ndinalawa ndekha n'kukataya kudzala, ndikudziseka kuti mwana wa mlimi ndaiwala zoti chidulo sichichokera m'phulusa lililonse.

Panafunika mitengo ya nandolo, kapena zitsononkho zouma, kapena masangwe a nyemba. Koma unali mwezi wa Epulo, mvula isakufuna kumva zoti nyengo yake yatha. Kwathu anthu anali atayamba kale kudula chimanga, kuno chinali chikadali chobiriwira m'minda. Nandolo sindinamuone m'munda wa munthu aliyense. Mphunzitsi mnzanga anandiuza kuti kwa apongozi ake ku Msongwe kuli zitsononkho za chaka chatha. Ndinapitako nditaweruka, ndinapeza zambiri anasonkhera kale moto, zotsala zili kuseri kwa khitchini, zonyowa, zitachita nkhungu. Ndinabwerako ndi matope mpaka m'mawondo. Mvula ya ku Mzuzu ndinali nditaida kale, koma tsiku limenelo ndinaida ngati munthu.

Amene anatipulumutsa anali amama. Anati kwawo akasowa zina amawotcha makoko a nthochi.

“Koma aume chomene, aphunzitsi. Akakhala ndi kamadzi, phulusa lituluka yayi.”

Kuyanika panja kunali kosatheka, koma nyumba ya ku Katoto inali ndi chitofu cha magetsi cha uvuni. Mayi uja, amene sankafuna ngakhale fumbi pa siketi yake, anapita kumsika kwa amayi akwawo ogulitsa nthochi n'kumatola makoko m'jumbo, anthu akumuyang'ana. Tinagulanso mikoko ya nthochi, ana ake anadya mpaka anayamba kuthawa akamuona akubwera. Magetsi akayaka ankaika makoko mu uvuni, akazima n'kudikira. Nyumba yonse inanunkha, amuna ake anadandaula, iye anawauza kuti ngati fungo lawakwana akagone ku ofesi.

Makoko odzaza thumba aja atauma anatsala ochepa. Tinawawotchera pa chidutswa cha lata choyera pakhonde panga, titatchinga mphepo ndi matupi athu, ndipo phulusa lake silinadzaze ndi kapu yomwe. Ndinayala kansalu pansi pa kachitini koboola kaja, ndinaika phulusa, ndinathira madzi pang'onopang'ono. Tinakhala tikuyang'ana madontho ofiirira ngati tiyi wosungunula akugwera m'mbale. Nditaviika chala n'kulawa, anandiluma lilime. Ndinadula therere, ndinateleka, linafufuma n'kufuna kusefukira, ndinalibweza ndi mthiko. Linatuluka lobiriwira, lonanda bwino.

Tinawoloka msewu tonse awiri. Alamu anawadzutsa achemwali n'kuwatsamiritsa kukhoma. Nditavundukula mbale, anaweramira, ananunkhiza nthawi yaitali. Anati Bisimilahi, anatema kambamu kakang'ono ka nsima, anasunsa, anameza.

“Uyu si nandolo,” anatero.

“Ndi nthochi, achemwali.”

“Ndamva. Koma ndi chidulo.”

Anatemanso mbamu ina, kenaka ina. Therere linawatsikira pachala mpaka pamkono, ananyambita ngati mwana. Amama anayamba kunong'ona, “Yewo Chiuta, yewo chomene,” misozi ikuwononga ufa wa kumaso. Ine ndinatuluka, ndinakaima kuseri kwa golosale pakati pa makatoni onyowa, ndinalira. Ndinali ndisanasangalalepo chotere chifikireni ku Mzuzu. Madzulo mbale inabwera ndi machesi, ndipo ndinawalandira ndi manja awiri.

Anadya mawa lake, anadyanso mkuja. Ndinayamba kuyenda ngati munthu wopambana mlandu, mpaka ndinawauza alamu kuti aimbire ku Machinga kuti asavutike ndi ulendo. Koma mbamu zinayamba kuchepa. Kenaka chimene chalowa chinkabwerera. Ndinasintha kaphikidwe, ndinachepetsa mchere, ndinachotsa tomato, ndikukana kuona chimene maso anga ankaona. Therere ndinali nditaliyesa mankhwala, pamene ndi ndiwo chabe.

Mlongo wawo anabwera mwezi usanathe n'komwe. Ndinamupeza atakhala pampando m'chipinda muja, bambo wa imvi, wa kachisoti koyera, wolankhula motsitsa. Mkwiyo wanga sunasamale zimenezo.

“Bambo, mwabwera kudzatenga munthu amene wayamba kudya? Chipatala chili pano. Kumudziko mukawapatsa chiyani?”

“Mayi,” anayankha, “zimene mwawachitira mlongo wangayu ndazimva, Mulungu akulipireni. Koma chibale ndi fupa.”

Ndinali ndi mawu ena okonzeka, oipa kuposa oyambawo, koma achemwali anakweza dzanja.

“Aphunzitsi, khalani pansi. Muno si m'kalasi.” Ndinakhala. “Achimwene ndawaitana ndine. Therere lanu ndinadya ndi mtima wonse, musakayike. Koma thupi ili ndikulimva ndine. Ndikufuna ndikafike kwathu ndikadali wotha kuzindikira anthu, ndikagone pafupi ndi amayi anga.”

Ndinawakwiyira, ndinene zoona. Ndinaona ngati andisiya ndekha pa ntchito imene tinkagwira awiri. Ndinabwerera kunyumba osatsazika, ndinakhala pakhitchini ndikuyang'ana kaphulusa kamene kanatsala m'kapu.

M'mawa wa ulendo ndinadzuka n'kuphika therere ndi phulusa lomalizalo. Amama anabwera kudzatsazika, ataona zimene ndikuchita anagwira pakamwa.

“Imwe aphunzitsi, therere pa ulendo wa ku Machinga? Lisanafike pa Jenda likhala lili m'miyendo mwa anthu.”

Sindinamumvere. Ndinathira m'mbale ija, ndinavundikira, ndinamanga zolimba ndi chitenje changa. Achemwali anali atawagoneka kale kumpando wa kumbuyo. Ndinawaikira mbaleyo pambali, anaigwira ndi dzanja limodzi.

“Ndibweza,” anatero.

“Mudzabwere nayo nokha,” ndinayankha.

Anamwetulira, galimoto inanyamuka, ikuterereka m'matope mpaka inakhota.

Tinkalankhulana pafoni masiku oyamba, kenaka ankayankha ndi alamu okha. Uthenga wa maliro unandipeza kusukulu nthawi yopuma. Ndinaimbira amama, tinayamba kufunsa za basi yopita kummwera, koma tisanamange ndi chikwama chomwe alamu anaimbanso kuti aika kale. Mwambo wawo sudikira ochokera kutali, ndipo ndinkaudziwa, koma kudziwako sikunandithandize. Tinalibe siwa yoti tikakhalepo, tinalibe manda oti tikaone. Ine ndi amama tinakhala pakhonde la golosale yotseka mpaka dzuwa kupendeka, anthu odzagula mchere akubwerera.

Alamu anabwera itatha sadaka, kudzagulitsa katundu wotsala ndi kubweza makiyi kwa mwini nyumba. Anati Mzuzu popanda akazi awo sangamuthe. Tsiku loti anyamuka mawa lake ndinamva odi, ndinawapeza ataima pakhomo ndi kamtolo ka chitenje changa chija. Nditalandira, kanali kopepuka. Mtima unandiwawa. Ndinati chamumtima, amuna sadziwa zimenezi, atsuka n'kungobweza. Ndinafuna kukaika mkati osamasula, koma iwo anati, “Tsegulani, alamu. Anandilamula kuti ndione ndi maso anga mutatsegula.”

Ndinamasula mfundo, ndinavundukula. Munali kajumbo komanga bwino, kodzaza phulusa lotuwa, losalala ngati ufa wosefa.

Alamu anakhala pa sitepe n'kundifotokozera. Atafika kumudzi, achemwali anatuma ang'ono awo kuti asankhe mitengo ya nandolo youma pa mulu wa nkhuni, asasakanize ndi mtengo wina uliwonse. Anauza anthu kuti awatulutse panja, anagona pamphasa, n'kumayang'anira kuwotchako. Wina ataponyapo chitsononkho kuti moto uyake msanga, anakalipa ndi mawu ochepa amene anatsala nawo, mpaka anayambiranso. Phulusa litazizira analisefetsa, analimangitsa, analiikitsa m'mbale iwo akuona.

“Anati ndikuuzeni kuti uyu ndiye nandolo,” anatero alamu, akuyang'ana pansi. “Anati mulawe, musiye makani.”

Loweruka lotsatira amama anabwera ndi therere la kumsika, nsapato zili m'manja monga kale. Ndinatsitsa poto wa kaulusi kofiira pa msomali wake. Chidulo chinadontha choyera kuposa cha nthochi chija, ndipo therere litawira fungo lake linadzaza nyumba. Ndinalawa pa mthiko, ndinampatsa amama, analawanso. Tinayang'anizana. Achemwali sananame. Linali lofewa, lopanda kukhakhala kwa soda kukhosi, lokoma mwa mtundu umene ndinali ndisanaudziwe zaka zonse zimene ndinkawaseka.

Ndinayamba kupakula. Ndinathira m'mbale ya amama, ndinathira m'mbale yanga. Amama ankandilankhula zinazake za ana ake, ine manja akungochita zimene anazolowera. Ndinadzidzimuka atandiitana kachiwiri, mofatsa, “Aphunzitsi.” Ndinali nditafika kale pakhomo, mbale ya mkombero wabuluu ili m'manja mwanga, yodzaza, yovundikira, ikunditentha zala. Kunja mvula inkawaza, ndipo kutsidya kwa msewu, pachitseko cha golosale, panali loko.